Wotchi Imene Ababa Sanapite Nayo

Ndinaba wotchi ya ababa anga iwo ali gone pa tebulo la ku motchale. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndakhala ndikuwazemba kwa zaka zambiri. Ndinkati ndinaisunga, ndinkati ndinaipulumutsa kwa akuba, ndipo tsiku lina ndili ndekha m'galimoto pa Ginnery Corner ndinafika podziuza kuti chisoni ndi chimene chinandisokoneza mutu. Bodza lokhalokha. Mutu wanga unali bwinobwino tsiku limenelo.

Ababa anachoka ku Nsanje ali mnyamata n'kudzalembedwa ntchito pa holoselo ina ya amwenye ku Limbe. Anayamba ndi kunyamula matumba a mchere ndi makatoni a sopo, kenako anawapatsa makiyi, ndipo makiyiwo anakhala nawo mpaka mutu wonse unachita mbuu. Tsiku limene anapuma pa ntchito, bwana wawo anavula wotchi pamkono pake, yake yeniyeni osati yochita kugula dala, n'kuwaveka antchito onse akuona. Inali yolemera, yachitsulo chowala, lamba wakenso wachitsulo. Inalibe batire. Inkayenda ndi kugwedezeka kwa mkono basi. Ukaisiya pansi masiku awiri inkaima, ukaigwedeza inkayambanso.

Mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo mu Limbe momwemo ataiona anawauza kuti, "Mdala, iyi si yokwera nayo minibasi mkono uli pawindo." Kuyambira pamenepo ababa ankavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Koma akangolowa m'tchalitchi kwathu ku Chilobwe, dzanja lamanzere la malaya linkapindidwa kawiri, ndipo munthu amene ankakhala pafupi nawo ankauzidwa nthawi asanafunse.

Ine nthawi imeneyo ndinali kale ndi mkazi, ana awiri ndi ntchito ya mu ofesi m'tauni. Wotchi ndikanatha kugula yanga. Koma ndinkafuna imeneyo. Tsiku lina ndinawapempha kuti andibwereke popita ku ukwati wa mnzanga, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kuti, "Iwe suli ndi foni? Imanena nthawi yabodza?" Amayi anaseka, mlongo wanga anaseka, ine ndinatuluka osatsanzika. Ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo zinthu zazing'ono ngati zimenezi ndimazisunga.

Atadwala tinawagoneka m'chipatala m'tauni. Anamwino anati wotchi ichoke chifukwa pamkono pomwepo ndi pamene ankafuna kuika diripi. Amayi anaivula, anaikulunga m'kampango n'kuibisa pachifuwa. Pamene panali lamba panatsala kamzere kotuwa kozungulira mkono, ndipo ababa, ngakhale pamene mawu anayamba kuwathawa, ankangopapasa pamenepo ndi dzanja linalo. Ndinawamva ndi makutu anga amayi akuwauza kuti, "Musavutike, ili ndi ine. Tsiku lotuluka muno ndikuvekani." Anakhalamo milungu itatu. Anamwalira Lachinayi m'mawa, ine ndikufunafuna poimika galimoto panja.

Lachisanu m'mawa, anthu atadzaza kale pabwalo ku Chilobwe, amayi anatiitanira kuchipinda anthu atatu: ine, mlongo wanga, ndi ababa aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene anafika kuchokera ku Nsanje madzulo a Lachinayi. Pabedi panali suti yakuda, malaya oyera, tayi ndi masokosi. Amayi anapisa pachifuwa, anamasula kampango kaja n'kuika wotchi pamwamba pa suti.

"Iyi muwaveke kumanzere," anatero.

Ndinati, "Amayi, mukutanthauza kuti wotchi imeneyi ilowe m'dothi?"

"Ilowe ndi mwini wake."

"Munthu wakufa akaona nthawi yanji kumeneko? Ali ndi minibasi yoti akwere?"

Mlongo wanga anandigwira malaya. "Achimwene, tsitsani mawu, panja pali anthu."

Sindinatsitse. Ndinawauza amayi kuti masiku ano anthu alibe mantha, amafukula manda kufuna bokosi lokha, nanga akamva kuti m'katimo muli wotchi yotere, ababa adzagona masiku angati? Ndinalankhula zimenezi ngati mwana wodera nkhawa manda a bambo ake, mpaka ndinayamba kudzikhulupirira. Amayi sanandiyankhe za akubazo. Anangoti, "Ndinawauza kuti tsiku lotuluka ndiwaveka. Lero ndiye akutuluka."

Apa ababa aang'ono anakhosomola. Anati, "Mlamu, mwanayu akunena zoona. Ndiponso kwathu sitichita choncho. Katundu wa malemu sakwiriridwa, amadikira tsiku lake, aikidwe pamphasa, abale agawane mwa dongosolo." Polankhula sankayang'ana amayi, sankayang'ana ine, maso awo anali pa suti paja.

Pamenepo ndi pamene ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachiganize. Kwathu tsiku logawa katundu likafika, zonse za malemu zimayalidwa pamphasa, ndipo woyamba kusankha ndi m'bale wake wa malemu, ana timabwera pambuyo. Ndikanapambana mkangano uja, wotchi ikanapita ku Nsanje pamkono pa ababa aang'ono, munthu amene m'milungu itatu yonse ya kuchipatala anangoimba foni kamodzi. Ndikanagonja, ikanapita kumanda. Njira yoti ikhale yanga inali imodzi yokha: aliyense akhulupirire kuti yakwiriridwa. Maganizo amenewa sanatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndikanakonda ndikanati Satana ndiye anandinong'oneza, koma anali mawu anga omwe ndimawadziwa.

Ndinapuma mozama n'kuti, "Chabwino amayi, ndamva. Mwini mawu ndi inu. Ndikawaveka ndekha."

Amayi anandiyang'ana, maso awo otupa ndi kulira, n'kundigwira tsaya ngati mmene ankachitira ndili mwana. "Ndimadziwa kuti umangokalipa pakamwa," anatero. Ababa aang'ono anatuluka akung'ung'udza kuti ana a m'tauni sadziwa mwambo.

Ku motchale tinalowa amuna anayi: ine, ababa aang'ono ndi akulu a mpingo awiri. Akazi anatsala panja akuimba chapansipansi, poti kosambitsa mwamuna mkazi salowako, ngakhale akhale mkazi wake amene wakhala naye zaka makumi asanu. Tinawasambitsa, tinawapukuta, tinawaveka malaya ndi suti. Kenako ndinatulutsa wotchi ndipo ndinaonetsetsa kuti onse atatu akuona. Ndinanyamula mkono wamanzere, ndinalowetsa lamba mpaka pa kamzere kotuwa kaja, ndinatseka, n'kukokera dzanja la jekete pamwamba pake. Mkulu wa mpingo mmodzi anati, "Mwachita bwino, bambo."

Bokosi linali likadali m'pikapu panja. Atatuwo anatuluka kukalinyamula, ine ndinati nditsale ndikonze tayi. Chitseko chitangotsekeka ndinakweza dzanja la jekete lija. Lamba anakana kutseguka kawiri. Mkono wa ababa unali wozizira ndiponso wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo pochotsa wotchi ndinachita kuukoka mwamphamvu mpaka unagwa n'kumenya tebulo. Ndinaubweza pamalo pake. Nkhope yawo sindinaiyang'ane. Wotchi ndinaiponya m'thumba la m'kati la jekete langa, ndipo pamene bokosi linkalowa anandipeza ndikukonzadi tayi.

Bokosi lake linali la masiku ano, lokhala ndi kachitseko kumutu. Likatsekedwa, anthu amangoona nkhope basi, manja saoneka. Ndinali nditaganiza kale zimenezo.

Titafika kunyumba, bokosi litalowa pabalaza, amayi anandikodola ali pakati pa azimayi. Ndinagwada pafupi nawo.

"Wawaveka?"

"Ndawaveka, amayi."

Ababa aang'ono, amene anali pakhomo, anawonjezera mokwiya kuti, "Wawaveka, mlamu, ndaona ndi maso anga. Mtima wanu ukhale pansi." Munthu amene ndinkamuona ngati wadyera uja ndiye anakhala mboni yanga, ndipo iye ankanena zoona zokhazokha.

Loweruka, mwambo wa maliro uli pafupi kuyamba, panafika galimoto yoyera. Anatsikamo bwana wa ababa uja, atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo, mwana wake atamugwira mkono. Anavula nsapato pakhomo ngakhale anthu anamuletsa, anakaona nkhope, kenako anapepesa amayi m'Chinyanja chake cha kusitolo. Amayi anamuuza kuti, "Wotchi yanu ija apita nayo, bwana. Mwana wawo uyu wawaveka." Mkuluyo anatembenuka, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ndipo sanafune kulisiya. Anati, "Bambo ako anasunga makiyi anga zaka zonse zija. Singano imodzi sinasowe. Iwe ndi mwana wa munthu wabwino."

Ndinati zikomo. Wotchi inali pachifuwa panga, kumanzere, pansi pa nsalu imodzi yokha ya jekete. Kuchipatala inali itaima kalekale, koma chifukwa cha kuyendayenda kwanga inali itayambanso, ndipo ndinaiona ikuyenda nditalowa m'chimbudzi kuti ndiisunthire m'thumba lina. Kumanda, abusa atati tiweramitse mitu, ndinapinda manja pachifuwa poopa kuti woyandikana nane aimva. Adzukulu ankakwirira ababa, ine ndikuganiza za thumba.

Tsiku logawa katundu linafika, mphasa inayalidwa. Ababa aang'ono anatenga njinga, wailesi ndi nsapato ziwiri zabwino. Ena anatenga majekete ndi mabulangete. Itafika nthawi yanga ndinangotola chipewa chakale n'kuti ine basi chimenechi chandikwana. Azakhali ena anaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti ana onse akanakhala otere, pamaliro sipakanamveka ndewu. Ndinaweramitsa mutu, iwo ankayesa ndi ulemu.

Tsono tamverani uchitsiru wake. Wotchi ija sindinaivalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanaivala kuti? Ku Chilobwe aliyense ankaidziwa. Ku ofesi ndimagwira ntchito ndi mwana wa mkulu wa mpingo uja. Kugulitsa sindikanatha, chifukwa Limbe ndi yaing'ono ndipo okonza mawotchi onse amadziwana, komanso sindinaibere kuti ndigulitse. Ndinailowetsa m'sokosi, sokosi m'sutikesi yakale, sutikesi pamwamba pa wadirobu kunyumba kwanga ku Kanjedza. Mkazi wanga sindinamuuze. Miyezi yoyamba ndinkaitsitsa aliyense akachokapo, ndinkaiyesa pamkono, koma lamba anali wamkulu, wotchi inkangotsetsereka mpaka pachikhatho. Pambuyo pake ndinaleka n'kuitsitsa komwe.

Amayi ndiye sanaleke kuinena nkhaniyo. Pamaliro aliwonse, anthu akayamba kukangana za nsapato kapena mphete ya malemu, iwo ankati, "Amuna anga anapita ndi wotchi yawo. Mwana wanga wamkulu poyamba anakana, mukumudziwa mkamwa mwake, koma pomaliza anawaveka yekha." Ankainena ine ndili pomwepo, ndipo azimayi ankatembenuka kundiyang'ana mokoma mtima. Tsiku lina ndinawakalipira m'galimoto kuti nkhani imodzimodzi yakwana, anthu atopa nayo. Anangoti, "Ukuchita manyazi kutamandidwa?" Manyazi ndinali nawo, koma osati amenewo.

Patapita zaka zinayi miyendo ya amayi inayamba kutupa, ndipo tinawatenga kuti adzakhale nafe ku Kanjedza, pafupi ndi chipatala. Iwo sadziwa kukhala chabe. Ankasankha nyemba, ankasoka mabatani, ankapinda zovala zopindapinda kale. Loweruka lina mu Juni, kukuzizira, mkazi wanga anatsitsa masutikesi onse kufuna majuzi a ana, ndipo sutikesi yakale ija anawapatsa amayi kuti aone ngati muli zoti n'kupatsa anthu. Ine ndinali nditapita kotsukitsa galimoto.

Pobwera ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula padzuwa. Sutikesi inali yotsegula pambali pawo, sokosi ili pamwendo, wotchi ili m'dzanja. Ankaigwedeza pang'onopang'ono n'kumaiika kukhutu. Mkazi wanga anali chiimire pakhomo la kukhitchini, ndipo atandiona analowa m'kati.

Mukudziwa chimene ndinayamba kunena? Ndinakuwa kuti, "Ndani wakhudza sutikesi yanga? M'nyumba muno munthu sangakhale ndi katundu wake?" Ndinakalipira mkazi wanga kudzera pawindo, ndinakalipira ana amene sanali n'komwe pafupi. Bambo wa zaka makumi asanu, nditagwidwa ndi chakuba, ndikufunsa za sutikesi. Amayi anandisiya mpaka mawu anandithera.

Kenako anati, "Ikuyenda."

Ndinakhala pa sitepe. Ndinayamba kufotokoza za akuba aja, kuti ndinkaopa manda angafukulidwe, kuti ndinkafuna kuwauza koma ndinkadikira nthawi yabwino. Ndinkamva ndekha mmene mawu anga ankamvekera, ngati kondakitala wogwidwa ndi chenje cha munthu. Amayi anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

"Ndinatuma iwe chifukwa ine sakanandilola kulowa," anatero. "Akanandilola, sindikanavutitsa munthu."

"Amayi, ndinalakwa."

"Ndinakufunsa utagwada, bokosi lili pomwepo."

"Ndikudziwa."

"Zaka zonsezi ndimati ngakhale ndinalephera kuwachiritsa, mawu anga okha ndinasunga. Kani anapita ndi mkono wopanda kanthu, akupapasa." Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena akanandimenya ndi wotchi yomweyo kumaso. Anangoikulunga kunsonga ya nsalu yawo, anamanga mfundo ziwiri, n'kundipempha kuti ndiwadzutse alowe m'nyumba. Ndinawagwira mkono, ndipo titafika pakhomo la chipinda chawo anauchotsa n'kugwira khoma.

Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, mlongo wanga anafika kuchokera ku Chilobwe. Amayi anali atamuimbira okha. Anatikhazika pabalaza, ine, mkazi wanga ndi mlongo wangayo, anamasula mfundo zija n'kuika wotchi patebulo.

Mlongo wanga anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine. "Achimwene, iyi si ija?"

Ndinati ndi yomweyo. Sanafunsenso china, ndipo mpaka lero sanafunsepo.

Amayi analankhula ndi iye yekha, ngati ine palibe. "Ine tsiku langa likadzafika, wolowa kondisambitsa ndi iwe. Udzandiveke imeneyi kumanzere, ndikawapatse ndekha. Ukadzandiveka, pakhale azimayi awiri a kumpingo, ndipo asadzatuluke mpaka bokosi litatsekedwa."

"Amayi, azimayi awiriwo ndi a chiyani?" mlongo wanga anafunsa. "Ine simukundikhulupirira?"

"Ndinakhulupirirapo kale mwana wanga," anatero amayi.

Mlongo wanga analira pamenepo. Iye sanabepo kanthu chibadwire, ndi amene ankagona pansi pa bedi la ababa kuchipatala milungu itatu yonse, koma tsopano nayenso adzafunika mboni chifukwa cha ine. Ndinayesa kunena kuti ndipita kwa ababa aang'ono ndi kwa akulu a mpingo kukaulula. Amayi anati ayi, manyazi a pakhomo pawo sakufuna kuti akayalidwe pamsewu, ndi okwanira kale amene anadziyalira okha potamanda munthu pamaliro a eni ake.

Amayi akadali moyo, akadali kwathu ku Kanjedza. Amandilankhula bwinobwino, amandifunsa za kuntchito, ndikawagulira mankhwala amathokoza. Nkhani ya wotchi sanainenenso pamaliro aliwonse, ndipo anthu akayamba kukangana za katundu wa malemu iwo amangoyang'ana pansi. Lolemba lotsatira tsiku lija anatuma mkazi wanga ku Limbe kuti akawagulire loko waung'ono. Wotchi ili m'chikwama chawo, chikwamacho chili pansi pa bedi m'nyumba yanga, ndipo kiyi wake amayenda naye kunsonga ya nsalu ngakhale popita kubafa.